Magazi ndi DNA ya anthu a ku Karonga: mwini wake ndani pamaso pa lamulo?

KARONGA – Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, anthu a m'dera la Vinthukutu, kummwera kwa boma la Karonga, pamodzi ndi anzawo a m'madera ena a bomali ankalandira alendo oyenda khomo ndi khomo omwe ankawayang'ana pakhungu pofufuza matenda a khate. Ena mwa anthu a m'bomali anapereka timadontho ta magazi tomwe tinaumitsidwa pa timapepala tapadera ndi kusungidwa.

Pa nthawiyo Edzi inali isanadziwike m'dziko muno, popeza wodwala woyamba anapezeka m'chaka cha 1985. Patapita zaka, akatswiri anayeza magazi a pa timapepalato ndipo anapeza kuti kachilombo ka HIV kanali katafika kale ku Karonga m'chaka cha 1982. Zotsatirazi zinathandiza kumvetsa momwe mliriwu unayambira ndi kufalikira kumidzi ya m'chigawo chino cha Africa.

Nkhaniyi ikusonyeza ubwino wosunga zinthu zoyezedwa kwa nthawi yaitali. Ikudzutsanso mafunso omwe akadaulo a zamalamulo akulimbana nawo m'maiko ambiri: kodi magazi akachoka m'thupi la munthu, mwini wake amakhala ndani? Kodi chilolezo chomwe munthu anapereka pa kafukufuku wina chimagwiranso ntchito pa kafukufuku wa mtundu wina patapita zaka 20? Nanga kampani ikapanga mankhwala kapena chipangizo choyezera matenda kuchokera pa zomwe zapezeka m'magaziwo, mwini magazi ndi dziko lake amapezapo chiyani?

Mbiri ya kafukufuku wa ku Chilumba

Ntchito ya kafukufukuyi inayamba m'chaka cha 1979 ndi thandizo la bungwe la LEPRA la ku Britain mogwirizana ndi sukulu ya ukachenjede ya London School of Hygiene and Tropical Medicine. Likulu lake linakhazikitsidwa ku Chilumba, moyandikana ndi Vinthukutu, m'dera la Mfumu Wasambo. Poyamba inkadziwika kuti Lepra Evaluation Project, kenako Karonga Prevention Study, ndipo masiku ano ikupitirira pansi pa bungwe la Malawi Epidemiology and Intervention Research Unit, mwachidule MEIRU.

Pakati pa 1986 ndi 1989, anthu oposa 120,000 a m'bomali analowa m'kafukufuku woyesa katemera. Zotsatira zake, zomwe zinasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet m'chaka cha 1996, zinasonyeza kuti kubayanso kachiwiri katemera wa BCG kumachepetsa khate ndi pafupifupi theka, koma sikuteteza ku chifuwa chachikulu cha m'mapapo. Kuyambira m'chaka cha 2002, anthu oposa 30,000 okhala mozungulira Chilumba anayamba kulembedwa m'kaundula wotsata kubadwa, kumwalira ndi kusamuka kwa munthu aliyense.

Pamene luso loyeza DNA linkakula, kafukufukuyu analowanso m'nkhani za chibadwa. M'chaka cha 2004 kunasindikizidwa zotsatira za kafukufuku wofuna kudziwa ngati pali china m'chibadwa cha anthu a ku Karonga chomwe chimachititsa kuti ena adwale khate kapena chifuwa chachikulu msanga kuposa anzawo. M'chaka cha 2015, akatswiri anasindikiza zomwe anapeza atawerenga DNA yonse ya tizilombo ta chifuwa chachikulu totengedwa kwa odwala oposa 1,600 a m'bomali pakati pa 1995 ndi 2010. Ntchito yowerengayo inachitikira ku Sanger Institute, m'dziko la Britain.

Phindu la ntchitoyi ndi loonekeratu. Kuwerenga DNA ya tizilomboto kunasonyeza kuti odwala ambiri satengera chifuwa chachikulu kwa wodwala amene akumudziwa kapena kukhala naye pafupi, zomwe zikutanthauza kuti kulondola achibale a wodwala pakokha sikungathetse matendawa. Kaundula wa ku Chilumba ndiye anapereka umboni, m'chaka cha 2008, wakuti imfa za akuluakulu zinatsika boma litayamba kupereka mankhwala a ma ARV kwaulere. Kafukufuku wa bungweli amadutsa m'komiti ya boma younika kafukufuku wa zaumoyo, ndipo mafunso ali m'nkhani ino sakuloza chala bungweli. Akuloza malamulo a dziko, omwe akuyenera kuteteza anthu ngakhale pamene wofufuza ali wina wosakhulupirika.

Zomwe malamulo athu amanena

Maziko ali m'malamulo aakulu oyendetsera dziko lino. Gawo 19, ndime 5, limaletsa kuchita kafukufuku wa zachipatala kapena wa sayansi pa munthu popanda chilolezo chake. Ndimeyi ndi yamphamvu, koma imangokamba za nthawi yomwe munthu akuyezedwa. Siinena kanthu za magazi omwe ali m'firiji patatha zaka zambiri, ngakhalenso za uthenga wa DNA womwe wasungidwa m'kompyuta kunja kwa dziko.

Lamulo la sayansi ndi luso la m'chaka cha 2003 linakhazikitsa bungwe la National Commission for Science and Technology, mwachidule NCST, lomwe limayang'anira kafukufuku yense m'dziko muno. Pa zaumoyo, ntchito younika imagwiridwa ndi makomiti monga National Health Sciences Research Committee ya ku Unduna wa Zaumoyo komanso COMREC ya ku sukulu ya ukachenjede ya Kamuzu University of Health Sciences. Wofufuza amene akufuna kutumiza magazi kapena makhololo kunja amayenera kusainira mgwirizano wosamutsira zinthu zoyezedwa, wodziwika kuti MTA, wofotokoza komwe zikupita ndi ntchito yomwe zikagwire.

M'chaka cha 2012, NCST inatulutsa ndondomeko yapadera ya kafukufuku wa chibadwa cha anthu. Ndondomekoyo inaletsa kutenga ndi kusunga magazi kuti adzagwiritsidwe ntchito m'tsogolo pa kafukufuku wa DNA yemwe sanatchulidwe pa nthawi yopempha chilolezo. Izi zinaika Malawi m'gulu la maiko okhwimitsa kwambiri zinthu mu Africa pa nkhaniyi.

Kukhwimitsaku kunali ndi chifukwa chomveka. Magazi si chinthu chamasewera pakati pa Amalawi. Mphekesera za anamapopa zinasokoneza madera ena m'chaka cha 2002, ndipo m'chaka cha 2017 zinaphetsa anthu m'maboma a kummwera monga Mulanje ndi Phalombe, mpaka ogwira ntchito zaumoyo ankaopa kulowa m'midzi. Chikhulupiriro chomwe anthu a ku Vinthukutu ndi Chilumba akhala nacho pa ofufuza kwa zaka zoposa 40 ndi chuma chomwe chikhoza kutha ndi nkhani imodzi yokha ya chinyengo.

Komabe, chiletso chotere chili ndi mtengo wake. Chikadakhalapo m'zaka za m'ma 1980 ndipo chikadakhudza zoyeza zonse, timapepala ta magazi tija tikadatayidwa, ndipo mbiri ya momwe HIV inafikira ku Karonga sikadadziwika. Chimamanganso manja akatswiri a Chimalawi omwe akufuna kukhazikitsa nkhokwe za zinthu zoyezedwa kuno kwathu. Kuunika komwe kunasindikizidwa m'chaka cha 2019 kunasonyeza kuti mwa anthu 100 alionse omwe analowa m'kafukufuku wamkulu wa chibadwa padziko lonse, 78 anali a mtundu wa ku Ulaya pamene awiri okha ndiwo anali a mtundu wa ku Africa. Mankhwala ndi njira zoyezera zopangidwa motsatira kafukufuku wotere zikhoza kusagwira bwino ntchito pa Mmalawi. Kukana kafukufuku kuli ndi ngozi yake, monganso kumutsegulira khomo popanda malire.

Lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu la m'chaka cha 2024, lomwe linapatsa bungwe la MACRA udindo woyang'anira, linabweretsa chitetezo china, makamaka pa uthenga wa zaumoyo ndi kutumizidwa kwake kunja. Koma lamuloli limateteza chinsinsi cha munthu. Silinalembedwe pofuna kuyankha funso la umwini ndi kugawana phindu.

Pangano la WIPO ndi mpata womwe latsala nawo

Pa 24 Meyi 2024, maiko a m'bungwe la World Intellectual Property Organization, mwachidule WIPO, anagwirizana mu mzinda wa Geneva pangano lokhudza umwini wa luso, chibadwa cha zamoyo ndi nzeru zamakolo. Pa 5 Disembala chaka chomwecho, Malawi inakhala dziko loyamba padziko lonse kuvomereza panganoli. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti aliyense wopempha patenti, chomwe ndi chiphaso chopatsa munthu umwini wa luso latsopano kwa zaka zingapo, aziulula dziko komwe anatenga chomera, nyama kapena kachilombo komwe luso lakelo latsamirapo, komanso mtundu wa anthu omwe anamupatsa nzeruzo. Panganoli linalembedwa kuti lidzayambe kugwira ntchito maiko 15 akalivomereza.

Ichi ndi chinthu chonyaditsa, koma akuluakulu a boma akuyenera kudziwa malire ake. Panganoli limanena momveka kuti silikhudza chibadwa cha anthu. N'chimodzimodzinso ndi pangano la Nagoya la m'chaka cha 2010, lomwe Malawi inavomereza m'chaka cha 2014, lokamba za kugawana phindu lochokera ku zachilengedwe. Motero, kampani ikatenga mtengo wa mankhwala m'nkhalango ya Vinthukutu, kapena mbewu ya mpunga wa Kilombero ku sikimu ya Hara, dziko lili ndi pogwira: pali mapangano a maiko, pali lamulo losamalira chilengedwe la m'chaka cha 2017, palinso pangano la Swakopmund la bungwe la ARIPO loteteza nzeru zamakolo. Koma ikatenga DNA ya mlimi amene amalima mpungawo, mapangano onsewa amakhala chete. Pa nkhani ya kugawana phindu, mtengo wa m'nkhalango uli ndi chitetezo chochuluka kuposa magazi a munthu wokhala m'mphepete mwa nkhalangoyo.

Lamulo la ma patenti lomwe dziko lino linalandira pa ufulu wodzilamulira linalembedwa m'chaka cha 1957, m'nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, patangopita zaka zinayi kuchokera pamene akatswiri anatulukira kapangidwe ka DNA. Linagwira ntchito kwa zaka zoposa 60, ndipo olilemba sakadaganizako za kafukufuku wa chibadwa. Ndondomeko ya dziko ya umwini wa luso ya m'chaka cha 2019 inavomereza kufunika kokonzanso malamulo akale a mtundu umenewu. Mwayi ulipo, chifukwa pansi pa pangano la TRIPS la bungwe la zamalonda la WTO, maiko osauka monga Malawi anapatsidwa mpata mpaka pa 1 Julayi 2034 asanakakamizidwe kutsatira mfundo zambiri za panganolo, ndipo pa mankhwala mpatawo ukufika pa 1 Januwale 2033. Panganoli limalolanso dziko kukana kupereka patenti pa zomera, nyama ndi njira zochizira odwala.

Palinso funso la tizilombo. Kachilombo ka chifuwa chachikulu kotengedwa m'makhololo a wodwala wa ku Karonga si chiwalo cha munthu, komanso sikanatoledwe m'tchire. M'chaka cha 2007, dziko la Indonesia linaleka kutumiza tizilombo ta chimfine cha mbalame ku bungwe la zaumoyo la WHO podandaula kuti makampani akupanga katemera yemwe anthu ake sangakwanitse kugula. Mkanganowo unabala ndondomeko yogawana phindu ya m'chaka cha 2011, koma ya chimfine chokha. Pangano la miliri lomwe maiko a WHO anagwirizana m'mwezi wa Meyi 2025 linasiya gawo la kugawana tizilombo ndi phindu lake kuti likambidwe padera. Izi zikusonyeza kuti nkhaniyi ndi yovuta ngakhale kwa maiko olemera.

Zomwe zinachitika kwina

Milandu ya m'maiko ena ikupereka chithunzi cha zomwe zingachitike lamulo likakhala chete. M'chaka cha 1990, bwalo lalikulu la milandu la ku California linagamula kuti John Moore, wodwala yemwe maselo ake anagwiritsidwa ntchito popanga chinthu chomwe chinalandira patenti, analibe umwini pa maselowo atachotsedwa m'thupi mwake, ngakhale dokotala anali ndi udindo womuuza za phindu lomwe ankayembekezera. M'chaka cha 2013, bwalo lalikulu la dziko la United States, pa mlandu wa kampani ya Myriad Genetics, linagamula kuti DNA yopezeka mwachilengedwe singapatsidwe patenti, koma yopangidwa m'labotale ikhoza.

Mtundu wa Havasupai wa ku Arizona unapereka magazi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 pokhulupirira kuti ndi a kafukufuku wa matenda a shuga. Pambuyo pake unazindikira kuti anagwiritsidwanso ntchito pofufuza matenda a misala ndi komwe mtunduwo unachokera. M'chaka cha 2010 unalandira chipukuta misozi cha madola 700,000 ndipo magazi otsala anabwezedwa.

Kuno ku Africa, m'chaka cha 2019 nyuzipepala ya The Times ya ku Britain inalemba za madandaulo akuti Sanger Institute inkakonza zogulitsa chipangizo choyezera DNA chopangidwa mothandizidwa ndi magazi a anthu a mu Africa popanda chilolezo choyenera. Sukulu ya ukachenjede ya Stellenbosch ya ku South Africa inaitanitsa zinthu zomwe inatumizako. Sanger inakana kuti sinalakwitse kanthu ndipo sinagulitse chipangizo chilichonse. Nkhaniyo sinakhudze kafukufuku wa tizilombo ta chifuwa chachikulu wa ku Karonga, koma inaonetsa kuti mawu a m'mgwirizano wosamutsira zinthu ndiwo amakhala chida chokhacho mkangano ukabuka.

Pali zitsanzo zabwinonso. Anthu a mtundu wa San a kummwera kwa Africa anatulutsa malamulo awoawo a kafukufuku m'chaka cha 2017, ofuna kuti wofufuza aziyamba wapempha kwa atsogoleri awo ndi kufotokoza phindu lomwe mtunduwo upeze. M'chaka cha 2019, alimi ndi makampani a tiyi wa rooibos ku South Africa anavomera kupereka gawo la 1.5 peresenti ya mtengo wogulira tiyiyo pamunda kwa mitundu ya San ndi Khoi.

Vuto la uthenga wa m'kompyuta

Malamulo ambiri analembedwa poganizira botolo la magazi lomwe lingaimitsidwe pa bwalo la ndege la Kamuzu kapena pa chipata cha Songwe. Masiku ano DNA ikawerengedwa imasanduka zilembo zomwe zimatumizidwa pa intaneti m'kanthawi kochepa, ndipo magazini a sayansi ndi mabungwe opereka ndalama amafuna kuti ziikidwe m'nkhokwe zomwe ofufuza ena angazipeze. Madzi akatayika saoleka: botolo likhoza kubwezedwa monga anachitira kwa a Havasupai, koma uthenga womwe wakopedwa m'makompyuta ambiri sungaitanitsidwe.

Pa zomera ndi nyama, msonkhano wa maiko womwe unachitikira ku Cali m'dziko la Colombia m'chaka cha 2024 unakhazikitsa thumba lomwe makampani akuluakulu opindula ndi uthenga wotere akupemphedwa kuponyamo 1 peresenti ya phindu lawo kapena 0.1 peresenti ya ndalama zonse zolowa. Kuponyamo n'kosakakamiza, ndipo thumbali nalonso silikhudza DNA ya anthu.

DNA ya munthu ilinso ndi vuto lina: si ya iye yekha. Imaulula za makolo ake, ana ake ndi fuko lake. M'dera ngati Vinthukutu, komwe mabanja akhala akulembedwa m'kaundula kwa mibadwo iwiri kapena itatu, kufufuta dzina pa botolo sikutsimikizira kuti mwini wake sangadziwike. Ndipo zotsatira zonena kuti anthu a dera lakuti ali ndi chibadwa cha matenda akuti zikhoza kubweretsa tsankho pa ukwati ndi pa ntchito, monga momwe odwala khate ankasalidwira kale.

Zoyenera kulingalira

Choyamba, mfundo zikuluzikulu za kafukufuku wa chibadwa zikuyenera kukhala m'lamulo lodutsa ku Nyumba ya Malamulo. Ndondomeko ya bungwe imamanga wofufuza amene akufuna chilolezo, koma mphamvu yake ndi yochepa pa kampani yachitatu yomwe yalandira uthengawo kunja. Lamulolo linene poyera kuti wosunga magazi ndi msungi chabe, ndipo likhazikitse chilango kwa wophwanya.

Chachiwiri, pakati pa kuletsa kotheratu ndi kulola chilichonse pali njira ina: munthu azifunsidwa padera ngati akulola kuti magazi ake asungidwe, atumizidwe kunja, kapena agwiritsidwe ntchito pa malonda, ndipo kafukufuku aliyense watsopano azibwereranso ku komiti younika. Mafunsowa azifunsidwa m'chiyankhulo cha mwini wake, chomwe ku Vinthukutu ndi Chitumbuka, pamene kumpoto kwa bomali ndi Kyangonde.

Chachitatu, mgwirizano wosamutsira zinthu uzikhudzanso uthenga wa m'kompyuta, ndipo uzinena za patenti ndi phindu ntchito isanayambe. Phindu silikhala ndalama zokha. Likhoza kukhala mankhwala otsika mtengo, zipangizo za labotale, maphunziro a akatswiri a Chimalawi ndi maina awo patsogolo pa zosindikizidwa.

Chachinayi, nkhaniyi yagawikana pakati pa Unduna wa Zaumoyo, Unduna wa Zachilungamo, NCST, MACRA ndi nthambi yoona zachilengedwe. Mutu umodzi susenza denga, koma pakufunika ofesi imodzi yodziwa kuti ndi zinthu zingati zatuluka m'dziko, zapita kuti, ndipo zabala chiyani. Khonsolo ya boma la Karonga ndi mafumu nawonso akuyenera kulandira malipoti a zotsatira m'mawu omveka kwa anthu wamba.

Anthu a ku Vinthukutu ndi Chilumba anachita mbali yawo. Kwa zaka zoposa 40 akhala akutsegula makomo awo, kuyankha mafunso ndi kupereka magazi, ndipo zomwe zinapezeka zasintha kachiritsidwe ka khate, chifuwa chachikulu ndi Edzi kutali ndi kwawo. Malawi inatsogolera maiko onse pa pangano la WIPO m'chaka cha 2024. Mpata womwe panganolo linasiya pa DNA ya anthu ungatsekedwe ndi lamulo la dziko lino lokha, ndipo udindo wolikonza uli m'manja mwa maunduna ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo.